Maluwa a Paukwati ndi Guwa la Ambuye

Mvula ikatha, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, Loweruka lililonse m'matchalitchi mwathu mumamveka nthungululu za maukwati. Tikalowa m'tchalitchi m'mawa wa tsiku lotere timapeza kuti anthu achezera kugwira ntchito: nsalu zonyezimira zakuta mabenchi, maliboni akulendewera kudenga, mabaluni ali pakhomo, ndipo maluwa afika mpaka paguwa. Khama lotere n'loyamikirika, pakuti munthu sakongoletsa chinthu chimene sachilemekeza. Komabe tiyenera kudzifunsa ngati zokongoletsazi zikuthandiza akhristu kuona sakramenti, kapena zikulibisa.

Mpingo umatiphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ndiwo amapatsana sakramenti la ukwati pamene alonjezana pamaso pa wansembe kapena dikoni ndi mboni ziwiri. Choncho mtima wa mwambowu uli pa mawu a malonjezo ndi pa nsembe ya Misa. Duwa lililonse liyenera kutsogolera maso kumeneko. Tikaimika chipata chachikulu cha maluwa pakati pa akwati ndi khamu, makolo amene adalera ana awo saonanso mphete ikuvekedwa. Tikaunjika miphika ya maluwa pamwamba pa guwa, chikho cha Ambuye chimabisika. Wokongoletsa wotere walephera ntchito yake, ngakhale mitundu ya maluwa itagwirizana bwino chotani. Malangizo a m'buku la Misa la chaka cha 2002, pa ndime 305, amafuna kuti maluwa akhale apang'ono ndi kuti aikidwe mozungulira guwa, osati pamwamba pake. Ndime yomweyo imaletsa maluwa paguwa m'nyengo ya Lenti, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a chikondwerero. Amene akusankha tsiku la ukwati ayenera kuzidziwa zimenezi asanaononge ndalama.

Tiganizirenso za maluwa eni akewo. Ambiri amene timawaona ndi apulasitiki, obwereka ndi ndalama, oyenda kuchoka pa ukwati uwu kupita pa wina, fumbi lili khathi. Duwa lothyoledwa m'mawa limapereka fungo lake lonse, kenako limafota, ndipo potero limafanana ndi nsembe, limafanananso ndi akwati amene akudzipereka osasiyako kanthu. Duwa lapulasitiki silipereka kanthu chifukwa lilibe moyo. M'midzi yambiri amayi a mu Mphakati amakongoletsabe tchalitchi ndi masamba a nthochi, kanjedza ndi maluwa a pampanda, atasesa ndi kuwaza madzi pabwalo. Ife tikuona kuti ntchito yawo imaposa ya pulasitiki, chifukwa ndi yoona ndiponso yatuluka m'manja mwa anthu amene amawadziwa akwatiwo.

Koma chotidetsa nkhawa kwambiri ndi mpikisano. Banja lina likaona nsalu za anzawo, limalumbira kuti lidzaposa pamenepo, ngakhale ndi ndalama za katapila, poyembekeza kuti perekaniperekani adzabweza. Akapanda kubweza, banja latsopano limayamba moyo wake ndi ngongole, ndipo mawu oyamba owawa m'nyumba amachokera pa maluwa amene adatayidwa kale kudzala. Makolo athu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choopsa china n'chakuti mnyamata ndi mtsikana osauka amaona zonsezi n'kuganiza kuti ukwati wa m'tchalitchi ndi wa anthu olemera. Amangolowana, nati adzadalitsa akadzapeza ndalama. Zaka zimapita, ana amabadwa, iwo ali kunja kwa masakramenti. Papa Francis adadandaula za vuto lomweli m'chaka cha 2016, m'kalata yake yotchedwa Amoris Laetitia, ndipo adalimbikitsa achinyamata kuti asaope kuchita ukwati wosalira zambiri. Kale mu 1963, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udalamula kuti pa miyambo ya chipembedzo pasakhale kukondera anthu chifukwa cha kutchuka kwawo, ndi kuti m'tchalitchi tifune kukongola kwaulemu, osati kudzionetsera. Ngati maluwa athu akutsekereza mnzathu njira ya ku Ukaristia, mlandu umenewo ndi wathu tonse.

Sitikunena kuti ukwati ukhale wowuma ngati maliro. Ambuye Yesu adachita chozizwitsa chawo choyamba pa ukwati wa ku Kana pofuna kuti chimwemwe cha banja lija chisathe. Chimene tikupempha ndi muyeso. Ankhoswe, amene udindo wawo ndi kuteteza banja, akhale oyamba kukana mtengo umene ungalemetse ana awo. Akomiti ya ukwati aonane ndi bambo mfumu asanagule kanthu. Maukwati angapo akagwa tsiku limodzi, mabanja asonkherane n'kukongoletsa pamodzi, kuti pasaoneke benchi la olemera ndi la osauka. Mphakati ungathenso kudzala maluwa m'mbali mwa tchalitchi, kuti mkwatibwi aliyense, ngakhale wamasiye, adzapeze pothyola. Ndipo ukwati ukatha, maluwawo atsale m'tchalitchi kuti akometse Misa ya Lamulungu, monga mphatso yoyamba ya banja latsopano kwa Mulungu ndi kwa akhristu anzawo.