Ya pamwamba ya dobadoba pa Sharpevale

Amene timayenda mumsewu wa M5 pakati pa Balaka ndi Salima timapadziwa pa Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, pomwe msewu ndi njanji zimayenda moyandikana. Dzinali lidachokera kwa Alfred Sharpe, bwanamkubwa wa nthawi ya atsamunda. Malo otere, a m'mbali mwa msewu waukulu koma otalikirako ndi madzi, ndiwo amabwera m'maganizo a munthu wa kunyanja akafuna nyumba yochititsa lendi, makamaka chichitikireni za mu 2024, pamene nyanja idadzaza nkumiza nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Tikafunsa mtengo wa nyumba pamalo ngati amenewa, kawirikawiri amatiyankha si mwini wake koma dobadoba, amene masiku ano amakonda kutchedwa ejenti. Ntchito yake sitikuinyoza. Amadziwa amene wapanikizika ndi fizi ya ana ndipo akufuna kugulitsa, amayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, ndipo thukuta lake liyenera malipiro. Chimene tikutsutsa ndi kabisidwe ka malipirowo.

Tiyerekeze kuti mayi wamasiye wanena kuti nyumba yake akufuna K8 miliyoni. Dobadoba amamuuza kuti, “Inu mayi mudzalandira yanuyo, ya pamwamba ndi yanga.” Akatero amajambula nyumbayo nkutumiza zithunzi pa WhatsApp kwa mwana wathu amene akugwira ntchito ku Joni, nkumutchulira K11 miliyoni. Mnyamatayo amawerengera m'marandi, amaona ngati yatchipa, ndipo amatumiza ndalama. Mayi uja sadziwa kuti nyumba yake ikadamupatsa zambiri. Wogula sadziwa kuti mwini wake akadalola zochepa. Mitengo yonse iwiri amaidziwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo nchifukwa chake amayesetsa kuti awiriwo asakumane mpaka ndalama zitadutsa m'manja mwake. Ena amaonjezanso ya kaonedwe ka nyumba, ndipo potsiriza amapemphanso kangachepe kwa mwini wake.

Kugwa kwa kwacha kwamuthandiza kwambiri. Ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti ndi malata zidakwera, ndipo palibe amene angakane. Koma dobadoba amatchula mtengo wa simenti ya lero pa nyumba ya njerwa zootcha yomangidwa ndi dothi zaka makumi awiri zapitazo. Nyumba ya pamsika wa kumudzi phindu lake lili pa lendi imene mphunzitsi kapena wazaumoyo angakwanitse mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro a anthu amenewa sadathamange monga idathamangira simenti. Wogula amene sadafunse za lendi amadzazindikira mochedwa kuti ndalama zake zidzabwerera iye atakalamba.

Ena amati mankhwala ake ndi peresenti yokhazikika, monga amachitira m'mizinda. Nayonso ili ndi chilema chake, pakuti mtengo ukakwera ya ejenti imakweranso, ngakhale ejentiyo akunena kuti akuimira wogula. Ku America, kumene wogulitsa ankalipira 5 kapena 6 peresenti yoti maejenti a mbali zonse ziwiri agawane, eni nyumba adakasuma kukhoti. Mu 2024 bungwe la National Association of Realtors lidavomera kulipira madola 418 miliyoni, ndipo tsopano wogula amayenera kugwirizana ndi ejenti wake polemba za malipiro asanayambe kuonetsedwa nyumba. Ngati anthu okhala ndi makhoti ndi zikalata zonsezo adadyeredwa zaka zambiri, nanga ife amene mboni yathu ndi kapepala kong'amba m'kope?

Choopsa kuposa zonsezi ndi nthawi imene dobadoba amalandira zake. Malo ambiri kunja kwa matauni ndi a mafumu, opanda chikalata cha boma, ndipo m'midzi yambiri ya ku Ntcheu malo amatsata mbumba ya kuchikazi. Mkamwini atha kumanga nyumba ndi ndalama zake pamalo amene si ake. Akagulitsa mwinimbumba osadziwa, mlandu umadzabuka pakatha miyezi, ndipo umagwera wogula. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakhazikitsa makomiti oona za malo m'midzi, koma dobadoba alibe chomukakamiza kupita kumeneko, popeza iye adalandira kale tsiku lomwe ndalama idatuluka.

Tikadakonda kuti mabanja athu azikana kugula nyumba imene mwini wake sadamuone ndi maso. Wogula, kapena m'bale wake ngati iye ali ku Joni, akhale pansi ndi mwini nyumba, mwinimbumba ndi anyakwawa, mtengo utchulidwe onse akumva. Ya dobadoba ilembedwe papepala lomwelo, pamodzi ndi dzina la amene akuilipira, ndipo theka lake lidikire mpaka malire atayendedwa ndiponso mbumba yonse itasayina.