Mwamva kwa ndani?

Mbewu ndi katundu wovuta kugulitsa. Wogula tomato amasankha yekha pamulu, koma mlimi wogula paketi ya chimanga cha haibulidi mu Novembala adzadziwa pokolola ngati sanapusitsidwe. Nkhani za chimanga wamba chopakidwa utoto n'kulongedzedwa ngati mbewu ya kampani aliyense anazimvapo. Ndiye chifukwa chake ndimawasirira ogulitsa mbewu ena a pa Mitundu ndi pa Nathenje, momwe amasakira makasitomala atsopano popanda kumwaza ndalama.

Chimkuzamawu pa tsiku la msika wa Mitundu chimasonkhanitsa anthu, inde, koma ambiri amangomvera nyimbo n'kupitiriza ulendo. WhatsApp imafikira aphunzitsi, ogwira ntchito ku Bunda, ndi ana a m'tauni amene amagulira makolo mbewu potumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Agogo olima okha kumudzi siiwapeza.

Luso lenileni lili pa munda wachitsanzo. Wodziwa ntchitoyi sayamba ndi chikwangwani, amayamba ndi malo. Pa msewu wa M1 ku Nathenje magalimoto amangodutsa mothamanga, choncho iye amafuna ndime yoyang'anizana ndi njira ya kuchigayo, ya kumjigo kapena ya kutchalitchi, pomwe anthu amayenda wapansi ndipo akabaza amachepetsa liwiro. Kenaka amasankha mwini munda, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Akapereka mbewu kwa munthu wolemera wa m'mudzimo, chimanga chikachita bwino anthu amati, "Si mbewu iyo, ndi feteleza wambiri." Choncho amasankha mlimi wamba, wakhama, amene anzake amadziwa nkhokwe yake ya chaka chatha.

Amabzala tsiku limodzi, feteleza wofanana: mizere ya Kanyani wocha msanga, mizere ya Njobvu wochedwa kucha, ndi mizere ingapo ya chimanga chamakolo pambali, kuti maso aweruze okha. Chikakhwima amasenda makoko a zisononkho za mumzere wa kunjira, njere zionekere poyera. Zina mwa zisononkhozo zimasowa usiku, koma iye sadandaula kwenikweni. Wakubayo walawa, ndipo mawa akhoza kubwera kusitolo.

Njira zonsezi amaziyesa ndi funso limodzi. Munthu wachilendo akagula, iye akumupatsa chenji amafunsa ngati akungocheza: "Kodi bambo, za ife mwamva kwa ndani?" Wina amati anaona munda uja, wina amatchula mlangizi, wina mlamu wake. Yankho limalowa m'kope, pafupi ndi dzina la mudzi ndi kukula kwa paketi, pakuti anthu khumi ogula kilogalamu imodzi-imodzi sangafanane ndi kalabu ya alimi yogula pamodzi.

Nyengo yobzala ikatha amawerenga kopelo. Ngati munda wa kumjigo wabweretsa midzi yatsopano, chaka chamawa amatsegula wina kutsidya kwa dambo. Ngati chimkuzamawu sichinatchulidwe, amasiya kuchibwereka. Ndipo kope likaonetsa kuti amayi ambiri anamva kugulu, amafufuza tsiku limene banki mkhonde ya kumeneko igawane ndalama, n'kumangirira mapaketi ang'onoang'ono panjinga.