Chotsani kamapu ka pakonako

Ndatopa nawo anthu oyeza gemu ndi makilomita. Ukawafunsa chomwe idakomera Grand Theft Auto: San Andreas ya mu 2004, amathamangira kuwerenga mizinda, Los Santos, San Fierro, Las Venturas, ngati kuti munda ukakula ndiye kuti nkhokwe yadzaza.

Kamuoneni mnyamata m'kashopu ka magemu pa Mpingu. CJ, munthu yemwe wosewera amamuyendetsa m'gemuyo, akupalasa njinga mu Los Santos, koma maso a mnyamatayo ali pa kamapu kozungulira ka pakona, kulondola kadontho. Misewu yonse ija kampani ya Rockstar idavutika nayo akungoidutsa ngati wakabaza wothamangira kasitomala. Za timafilimu ta pakati pa gemu musanene n'komwe, amatidumpha poopa kuti nthawi yomwe walipira itha.

Pulofesa Henry Jenkins, m'nkhani yake ya mu 2004 yotchedwa Game Design as Narrative Architecture, adati opanga magemu amakamba nkhani kudzera m'kamangidwe ka malo. Kwathu kuno sitidadikire pulofesa kuti atiuze zimenezi. Ukapatuka pamsewu wa ku Mchinji n'kulowa m'minda, ukaona mitengo yowirira pakati pa chimanga, umatsitsa mawu wekha. Palibe chikwangwani, koma wadziwa kuti apo m'pamanda. Chigafa chakugwa chimakuuza kuti mwiniwake fodya adamugwiritsa fuwa lamoto.

N'chifukwa chake gemu ya Ghost of Tsushima, yomwe kampani ya Sucker Punch idatulutsa mu 2020, imandidolola mtima. Kamapu ka pakona mulibe. Ukasankha kopita, mphepo ndiyo imakulondolera: udzu umawerama, masamba amauluka kuloza komweko. Utsi ukafuka kuseri kwa phiri, pali nkhani kumeneko. Nkhandwe imathamanga patsogolo pako mpaka pakachisi, kambalame kachikasu kamakupatutsa panjira kuti ukaone chobisika. Maso amakhala pa dziko lenilenilo, ndipo pofika kumudzi wotenthedwa ndi asilikali a chi Mongol umakhala utaona kale mitembo m'mbali mwa njira. Luso lake ndi limeneli, abale!

Poyerekeza ndi zimenezi, nsanja za m'magemu a Assassin's Creed, zokwera kuti mapu adzaze tizizindikiro, ndi kaundula wa maganyu chabe.

Komabe a Sucker Punch nawonso mantha adawagwira. Ukatsegula mapu aakulu umapezamo tizizindikiro ta mafunso tili mbwee, ndipo ndaonapo osewera akutitola kamodzikamodzi ngati zitsotso za mtedza, mphepo ija ikungoomba yokha.