Yehova kapena Chauta: Baibulo liti lifike pamaliro?

Mabuku ambiri a Chichewa timagula chifukwa cha mayeso, ndipo mayeso akatha masamba ake amakathera pamsika, kukulungira usipa. Lilipo buku limodzi lokha limene silichita fumbi. Limafika kuchipatala ndi kundende, ku Mvano ndi kumiphakati, ndipo pamaliro ndiye sililephera. Ndikunena Baibulo. Ife amene timadzitcha alakatuli tisamaname: ambiri a ife Chichewa cholembedwa tidayamba kuchimva m'buku limeneli, ndiye nkoyenera kuti tiliyeze monga momwe timayezera mabuku ena.

Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922. Adatsogolera ntchitoyo ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi amishoni ena ndiponso aphunzitsi akuda, paphiri la Kaso kufupi ndi Mvera. Cholinga chidali chakuti Mmang'anja wa ku Blantyre ndi Mchewa wa kuchigawo chapakati awerenge buku limodzi. Akatolika adatulutsa lao, Malembo Oyera, mu 1966. Kenaka mu 1998 padabwera Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti adamasulira limodzi m'Chichewa cha masiku ano. Papita zaka zoposa 25, koma lowani m'matchalitchi ambiri a m'tauni muno, mudzapeza kuti paguwa pakadali Buku Lopatulika.

Nchifukwa ninji? Ena amati ndilo lenileni, enawa ndi ongosukulutsa. Ine ndikuti ai. Mphamvu yake yagona pa chikumbumtima cha khutu. Agogo athu adaloweza mavesi ake, nyimbo za m'buku zidatengera kayankhulidwe kake, mpaka munthu akati apemphere lilime lake limatembenukira komweko losauzidwa. Mau a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo awa agonera zaka 100. Zimenezo sindingazipeputse.

Komatu kuzolowera mau ndi kwina, kuwamva ndi kwinanso. Murray ndi anzake adatsata kwambiri kamangidwe ka ziganizo za Chihebri ndi Chigriki, moti Chichewa chake chimayenda ngati munthu wovala nsapato zobwereka. Chiganizo ndi chiganizo chimayamba ndi "ndipo". Makope akale amalemba c pamene ife timalemba ch, mwana wa sitandade 5 nkumachita chibwibwi pamaso pa mpingo. Makalata a Paulo ndiye musanene: mlaliki amawerenga ndime, kenaka nkuyamba kuimasuliranso m'Chichewa, ngati kuti yomwe wawerengayo idali m'chiyankhulo china. Ndimakayika, kodi alaliki ena salikonda bukuli chifukwa chomwecho? Mau akakhala ovuta, womasulira ndiye amakhala bwana.

Mlandu waukulu umene anthu amaimba Buku Loyera ndi wa dzina. Pamene lakale lija limati Yehova, ilo limati Chauta. Amati dzina limeneli ndi la kunsembe za makolo, la kwa Makewana ku Msinja, kumene ankapempha mvula. Zoona, ndi lakumeneko. Nanga dzina loti Mulungu adabwera nalo pasitima ndi azungu? Nanga kachisi, nsembe, wansembe, mau amene adzaza m'Buku Lopatulika, adawatola kuti ngati si kuchipembedzo chomwecho cha makolo? Murray adatunga kale pachitsime chimenechi. Omasulira a 1998 adangotsitsa chingwe pang'ono. Ndipo kunena zoona, Yehova ndi katchulidwe kamene kadabadwa posakaniza zilembo za maina awiri a Chihebri. Si kuti Mose ankatchula choncho.

Koma ine muyeso wanga ndi wina: buku la Yobu, amene m'Buku Loyera amalembedwa Yobe. Kuno kwathu munthu uyu tidamusandutsa chitsanzo cha kupirira kwa chete. Mai wataya mwana, ife nkumuuza kuti akhale ngati Yobu, asafunse. Eti abale, tidaliwerenga bukuli? Yobu amatemberera tsiku limene adabadwa. Amakangana ndi anzake atatu aja, amafuna kuti Mulungu abwere adzayankhe mlandu. Pamapeto pake amene adzudzulidwa kuti sadanene zoona za Mulungu ndi anzake opembedza aja, osati iye. Masalimo ambiri nawonso ndi madandaulo okhaokha, munthu kufunsa kuti zidzatha liti.

Apa mpamene kamasulidwe kamaleka kukhala nkhani ya akatswiri okha. M'Chichewa chachikale chija, ukali wa Yobu umamveka ngati mwambo wa m'tchalitchi, wozizira ndi waulemu. Muwerengeni mokweza m'Buku Loyera, mumva munthu akudandaula monga momwe amadandaulira munthu wa pakhomo panu. Mtundu umene udaika achinyamata ake m'manda chifukwa cha Edzi m'zaka za m'ma 1990, nkudzaona njala ya 2002, nkudzafukula abale m'matope ku Chilobwe namondwe Freddy ataomba mu 2023, uyenera kumva momveka kuti kulira ndi kufunsa ndi pemphero ndithu. Munthu amene waloledwa kudandaula pamaso pa Mulungu amapirira nthawi yaitali kuposa amene wauzidwa kuti ameze misozi.

Sindikuti Buku Loyera lilibe chilema. Pofuna kuti zonse zimveke, nthawi zina limatambasula zimene zikadakoma zili zomangika ngati mwambi. Mlakatuli aliyense amadziwa kuti mau ukawatafunira munthu, mchere umachepa. M'malo otero lakale lija limapambana, ndipo mavesi amene anthu adawaloweza palibe angawalande.

Choncho sindikuti titaye Buku Lopatulika. Agogo alisunge, ndipo ife olemba tiziliwerenga kuti tidziwe kumene Chichewa chathu chidadzera. Pempho langa likupita kwa abusa, akatekisiti ndi akulu a mpingo amene mumaima pasiwa usiku. Musanatsekule buku, yang'anani amene wakhala pamphasa patsogolo panu. Ngati ndi mwana wa zaka 15 amene wataya mai ake, muwerengereni mau amene awamve lero lomwe, popanda wina womumasulira.