Timadontho titatu tosowa pakhoma la Jefferson

Mumzinda wa Washington muli nyumba yachikumbutso cha Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa dziko la America, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 1943. Pakhoma lina m'katimo adasemapo mawu ake onena kuti mosakayika konse akapolo adzamasuka. Mlendo amatulukamo akutama mkuluyo.

Koma mukatsegula mbiri ya moyo wake yomwe adalemba yekha mu 1821, mupeza kuti chiganizo chotsatira chikuti azungu ndi anthu akuda, onse atakhala mfulu, sangakhale pansi pa boma limodzi, ndipo akupitiriza kukamba zowasamutsa akudawo m'dzikomo. Okonza khomalo adadula chiganizochi, nalumikizapo mawu okhudza maphunziro ochokera m'kalata yake ya mu 1786, popanda chizindikiro chilichonse. Munthu yemwe pamoyo wake adasungapo akapolo oposa 600 adamuyeretsa ndi chosemera.

Ife alembi lamulo timalidziwa. Ukatsegula mitengero walonjeza kuti mawu ali m'katimo ndi a mwiniwake monga adawayalira. Ukachotsapo ena pakati, uikepo timadontho titatu kuti wowerenga aone msoko. Kumayambiriro ndi kumapeto sitifunika kwenikweni, poti aliyense akudziwa kuti sudakopere buku lonse. Ine ndimatitsekera m'mikutiramawu yamakona, chonchi [...], makamaka potenga mawu a m'nkhani zopeka. Kumeneko alembi athu amamwaza timadontho ngati mchere posonyeza mtengambali wachibwibwi kapena wodulidwa pakamwa, ndiye wowerenga angasiyanitse bwanji tawo ndi tanga?

Komabe tisanamizane. Timadonthoto tikadaikidwa pakhoma lija, bodza likadangochepa, silikadatha. Timanena kuti pachoka mawu, koma sitinena kulemera kwa mawu achokawo. Wounika atalemba kuti buku lakuti ndi labwino kukolezera moto, wosindikiza nkuika pachikuto kuti ndi labwino, kenaka timadontho, lamulo la zizindikiro watsata ndithu, koma wounika uja wamunamizira.

Choncho ndisanadule ndimayang'ana kaye mawu monga koma, ngakhale, pokhapokha, ndi kaphatikizo kotsutsa ka si- kamene m'Chichewa kamatembenuza chiganizo chonse. Chimodzi mwa izi chikakhala m'gawo lomwe ndikufuna kutaya, ndimakopera ndime yonse, ngakhale mkonzi adandaule kuti malo achepa.