Chigamulo cha 2010 ndi ana awiri a ku Site C

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi kuno ku Khayelitsha, mayi wina wa kwathu ku Malawi anandiimitsa panjira. Amadziwa kuti ndisanabwere ku Joni ndinali mphunzitsi wa ku pulayimale, choncho amanditchulabe aphunzitsi ngakhale masiku ano ndimasamalira maluwa m'makomo a eni ndalama kutsidya lina la Cape Town. "Aphunzitsi," anatero, "ndamva zoti dziko lino lili ndi lamulo loti mwana ngati wanga uja aziphunzira. Tandiwerengerani, mundiuze ngati likumukhudza."

Mwana wawoyo ndi mnyamata wa zaka 9. Salankhula, amatseka makutu kukachuluka phokoso, ndipo akakwiya amamenyetsa mutu kukhoma la malata. Mayi ake akapita kokachapa ndi kusesa, amatsala ndi mlongo wake wa zaka 14 m'kachisakasa kawo ku Site C.

Nditafufuza ndinapeza kuti chomwe mayiwo anamva ndi chigamulo cha khoti lalikulu la Western Cape cha mu Novembala 2010, pa mlandu womwe bungwe la Western Cape Forum for Intellectual Disability linasumira boma. Ndachiwerenga kangapo, ndipo pano ndikufuna kuchiunika monga momwe timaunikira buku, kuona zomwe chikunena ndi zomwe chikusiya.

Bungweli linkaimira malo osamalirako ana omwe nzeru zawo zinatsalira kwambiri, ana oti ena mwa iwo satha kudya kapena kuvala okha. Boma linalibe sukulu za ana otere. Sukulu zake zapadera zinkalandira okhawo omwe ankaoneka kuti angathe kutolapo kanthu pa maphunziro a m'kalasi. Otsalawo ankasamalidwa ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo boma linkangoponyako kangachepe kudzera ku unduna wa zaumoyo, ngati kuti anawo ndi odwala chabe osati ophunzira. Ziwerengero zomwe zili m'chigamulomo zimafotokoza nkhani yonse. Pa chaka, mwana wa kusukulu wamba boma linkamuwonongera R6,632, wa kusukulu yapadera R26,767, pomwe mwana wa kumalo osamalirako ana aja ankalandira R5,092. Yemwe amafuna chisamaliro chochuluka kuposa onse ndiye ankalandira zochepa kuposa onse.

Poyankha, boma linati ndalama n'zochepa, ndiponso kuti ndondomeko yake ya mu 2001, yotchedwa White Paper 6, idzafikira ana onse pang'onopang'ono. Linafika mpaka ponena kuti ana ena, kaya aphunzitsidwe chotani, sangapindule. Jaji Cleaver anakana zonsezo. Anati boma linaphwanya ufulu wa anawo wa maphunziro, wosasalidwa, wolemekezedwa komanso wotetezedwa kuti asanyalanyazidwe. Analamula kuti boma lipereke ndalama zokwanira ku mabungwewo, likonze mayendedwe a ana, lionetsetse kuti owasamalira aphunzitsidwa ntchito ndipo akulipidwa, komanso kuti libwerenso kukhoti pasanathe miyezi 12 kudzanena zomwe lachita.

Chomwe ndimachikondera chigamulochi n'choti chinakulitsa tanthauzo la liwu loti maphunziro. Mwana akaphunzira kugwira sipuni, kusonyeza kuti akufuna kupita kuchimbudzi, kapena kudikira nthawi yake pamasewera, amenewo ndi maphunziro, ndipo boma lili ndi ngongole kwa iye monga lilili nayo kwa mwana wolemba mayeso. Ine ndinachita manyazi powerenga. M'kalasi langa kwathu munali kamtsikana komwe tinkakakhazika kumbuyo chaka ndi chaka, anzake n'kumakatcha kozerezeka, ndipo sindinalembepo pulani ya phunziro ngakhale imodzi yoganizira iko. Kumudzi ankanong'onezana kuti bambo ake anakakhwimira kuti chigayo chawo chiziyenda bwino. Tsiku lomwe kanasiya kubwera, palibe anakafunsa.

Komabe mayi aja sanandifunse ngati chigamulocho chili chabwino. Anafunsa ngati chikumukhudza mwana wawo, ndipo apa ndi pomwe ndili nacho mawu.

Chigamulochi chimaona mwana yemwe anayezedwa kale. Ana omwe chikuwanena chimawazindikira ndi muyeso wa nzeru wotchedwa IQ: a pakati pa 20 ndi 35, ndi ena ochepera 20. Kuti mwana alowe m'gulu limeneli pafunika katswiri amuyeze ndi kulemba kalata. Kuno zimenezo zimayambira pamzere wa kukiliniki mbandakucha, kenaka kalata yotumizira mwana kuchipatala chachikulu monga Lentegeur ku Mitchells Plain kapena Red Cross ku Rondebosch, kenaka kudikira tsiku. Ulendo uliwonse umadya ndalama ya tekisi ndi malipiro a tsiku lathunthu, pakuti wantchito wa m'nyumba akajomba salandira. Akafika, mafunso amabwera m'Chingerezi, Chiafrikaans kapena Chixhosa, pomwe mwana uja mawu ochepa omwe amamva ndi a Chichewa. Ndondomeko ya boma ya mu 2014 yozindikirira ana ofuna thandizo lapadera, yotchedwa SIAS, imadalira kwambiri mphunzitsi wa m'kalasi kuti ayambe kudzaza mafomu. Mwana yemwe sanapondeko pasukulu alibe mphunzitsi womuyambira fomu. Motero mnyamata uja, pamaso pa boma, sali m'gulu lililonse.

Chachiwiri chikukhudza mlongo wake uja. Nditapita kunyumbako ndinaona kuti mtsikanayo ndiye akuvutika mwakachetechete. Amajomba kusukulu masiku omwe mayi ake ali ndi ganyu, usiku sagona, ndipo chiyambire pomwe anaona munthu akubayidwa pafupi ndi zimbudzi za onse, sakufunanso kutuluka kukada. Mayi ake amati wayamba mwano ndi ulesi. Ine sindine dokotala, koma ndaphunzitsapo ana okwanira kuti ndisiyanitse ulesi ndi mtima wolemedwa. Mtsikana wotere alibe ulumali wooneka ndi maso, ndipo muyeso wa IQ sungamupeze. Chikhalirecho ana onga iye ndi ambiri. Kafukufuku wa Sharon Kleintjes ndi anzake wa mu 2006 anayerekeza kuti ana ndi achinyamata 17 mwa 100 aliwonse ku Western Cape ali ndi vuto la m'maganizo. Wina wa Peter Cooper ndi anzake wa mu 1999, wochitikira ku Khayelitsha konkuno, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi matenda a kukhumudwa patatha miyezi iwiri chiberekereni. Nazonso ziwawa za m'dera lino zinafika poti boma la chigawo linakhazikitsa komishoni ya Kate O'Regan ndi Vusi Pikoli, yomwe inatulutsa lipoti lake mu 2014.

Sindikudzudzula jaji pa mfundo imeneyi, chifukwa khoti limayankha zomwe lafunsidwa basi. Ndikudzudzula ife owerenga chigamulochi, omwe timachitchula ngati kuti nkhani ya ana ndi ubongo wawo inathera pomwepo. Ana a mu mlandu wa 2010 anali ndi mabungwe owalankhulira komanso maloya a Legal Resources Centre. Mwana wa nkhawa, wa kukhumudwa kapena wosakhazikika m'kalasi nthawi zambiri amakumana ndi chikwapu cha kholo kapena kalata yomuchotsa sukulu asanakumane ndi namwino.

Chachitatu ndi pepala linalo, la ku Home Affairs. Pano malamulo a dziko lino amalankhula pawiri. Gawo 29 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limapereka ufulu wa maphunziro oyambira kwa aliyense, osati kwa nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu wa Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa chiphaso cha kubadwa kapena pemiti. Mpaka apa mnyamata uja ali ndi ufulu wonse. Koma ndalama ya mwezi ndi mwezi yothandizira kholo losamalira mwana wa ulumali waukulu, yomwe imaperekedwa ndi SASSA, imapita kwa nzika, kwa omwe ali ndi chilolezo chokhaliratu, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Ngakhale a chilolezo chokhaliratuwo anachita kumenyera nkhondo, pa mlandu wa Khosa mu 2004, womwe anasuma ndi anthu ochokera ku Mozambique. Amalawi ambiri omwe ndimapemphera nawo sali m'magulu atatuwa. Sitinathawe nkhondo, tinathawa umphawi, ndipo lamulo la othawa kwawo silidziwa umphawi. Ndiye mwana ali ndi ufulu wolowa m'kalasi, koma mayi ake alibe ndalama yomufikitsira pakhomo la kalasilo. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Palinso nkhani ya yemwe anasenzetsedwa katundu. Chigamulo cha 2010 sichinalamule boma kumanga sukulu zakezake za anawa. Chinalilamula kuthandiza mabungwe omwe ankagwira kale ntchitoyo, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito m'malo amenewa ndi amayi a m'madera momwemo, ena a iwo makolo a ana aulumali. Boma la dziko lonse linadzakhazikitsa thumba lapadera la ndalama za ana amenewa mu 2017, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Mwana yemwe anali ndi zaka 11 tsiku la chigamulo anali atafika zaka 18. Ndipo tonse tikukumbukira zomwe zinachitika ku Gauteng mu 2016, pomwe boma la chigawocho, pofuna kupulumutsa ndalama, linasamutsa odwala matenda a m'maganizo kuchokera ku Life Esidimeni kupita ku mabungwe osakonzeka, anthu 144 n'kumwalira. Amenewo anali akuluakulu, ndipo sindikufanizira mabungwe amenewo ndi malo osamalirako ana a kuno. Ndikungoti boma likazolowera kupatsira ena udindo wake, pamafunika maso a anthu ambiri olilondalonda.

Wina angafunse kuti bwanji mayiwo osangobwerera kumudzi. Ndinawafunsa, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, South Africa itavomereza mu 2007, ndipo mu 2012 tinakhala ndi lamulo lathulathu la ulumali. Aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa ku Montfort ku Nguludi, ndipo a St John of God ku Mzuzu amathandiza ana otere. Koma kumudzi kwa mayiwa zonsezi zili kutali, ndipo liwu loti matenda a m'maganizo anthu ambiri amalimva ngati misala ndi ulendo wa ku Zomba. "Kuno mwina tsiku lina adzamuitana," anatero. "Kwathu angomumangirira pamtengo."

Yankho lomwe ndinawapatsa linali lakuti inde, malamulo akumukhudza mwana wawo, koma sadzabwera okha kudzagogoda pachitseko. Ndinawalembera papepala, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, gawo 29 ndi chigamulo cha 2019. Ndinapempha tsiku kwa abwana anga n'kuwaperekeza kusukulu ina. Kalaliki wa pamenepo anayamba ndi kufunsa chiphaso cha kubadwa, ndipo atamva kuti palibe anayamba kutseka faelo. Titamuonetsa pepala lija anakaitana wamkulu wake, ndipo dzina la mwana linalembedwa pamndandanda wa odikira. Ndinawauzanso za Equal Education Law Centre, yomwe ili ku Isivivana Centre mu Khayelitsha momwemuno, ndi Scalabrini Centre ya m'tauni yomwe imathandiza obwera, kuti akakanizidwanso asangobwerera kunyumba n'kukhala chete.

Pomwe ndikulemba zino mnyamatayo akudikirabe. Ali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo ndavomera kukakhala womasulira. Za mlongo wake, zinanditengera milungu itatu kuti mayi ake avomere kuti naye akaonedwe kukiliniki, pakuti ankaopa kuti anthu a kumpingo adzati nyumba yawo yonse ndi ya misala. Amayi awiri a m'bungwe la amayi avomera kumasinthana kukhala ndi mnyamatayo Lachiwiri ndi Lachinayi, kuti mtsikanayo asamajombe masiku amenewo. Masiku enawo sitinapezebe wotsala naye.