Katuni ya ku Paris ndi sutikesi ya ku Brussels

Lachisanu lapitali gulu lathu litakumana, mnzathu wina anatulutsa pa foni katuni ija ya nyuzipepala ya ku France, Le Canard enchaîné, yomwe inatuluka kutatsala masabata ochepa kuti World Cup ya 2022 iyambe kuno. Foni inazungulira chipinda chonse. Ena anaseka, kenako kuseka kunatha kokha.

Kwa amene simunaione: ajambula amuna a ndevu zitalizitali, pachifuwa palembedwa Qatar ndi manambala ngati osewera mpira, akuthamangitsa mpira mumchenga atanyamula zikwanje, mfuti ndi mizinga. Mmodzi wamanga lamba wa mabomba m'chiuno. Nthabwala yake ndi yomweyo basi, yoti Mluya ndi chigawenga.

Tisanamizane, ife sitili pano kuikira kumbuyo mabwana. Tikudziwa kutentha kwa mwezi wa July munthu uli pa makina ophwanya miyala. Tikudziwanso kuti malipiro otsikitsitsa a mariyali 1,000 pamwezi anangoyamba mu March 2021, masitediyamu ambiri atamangidwa kale, ndipo mkulu wokonza mpikisanowo, Hassan Al-Thawadi, anavomera yekha pa TV kuti antchito obwera pakati pa 400 ndi 500 anafa pa ntchito zokonzekera. Nkhani yojambula inalipo yambiri. Koma yang'anani katuniyo bwinobwino. Mulibe chipewa cha pantchito, mulibe basi ya kampani ya mbandakucha, mulibe bokosi la maliro pa bwalo la ndege ku Kathmandu. Wojambulayo anasiya zonsezo n'kutola chithunzi chakalekale chomwe Azungu anali nacho kale m'mutu. Ngakhale timu yomwe ankainyozayo sanaiyang'ane n'komwe: wogoletsa wake wodziwika, Almoez Ali, ndi munthu wakuda wobadwira ku Khartoum.

Zotsatira zake tinaziona. Akuluakulu a kuno anakweza katuniyo m'mwamba n'kunena kuti, mwaona, onse otidzudzula ndi atsankho. Ndipo pa katuniyo sananame. Kwa masiku angapo nkhani inachoka pa malipiro athu n'kupita pa ndevu.

Ife amene tinagwirako m'migodi ya ku Joni tisanabwere kuno tinakumbukira Zapiro, dzina lake lenileni Jonathan Shapiro. Kuyambira 2006 iye ankajambula Jacob Zuma ali ndi shawa pamutu, chifukwa Zuma ananena yekha m'khoti kuti anasamba pofuna kuchepetsa mpata wotenga kachilombo. Shawa imeneyo inali yoluma, koma Zuma anaipala yekha, palibe munthu wina wakuda amene inamukhudza. Tsono mu May 2016 Zapiro yemweyo anajambula mkulu woimba anthu milandu, Shaun Abrahams, ngati nyani wovina nyimbo yomwe Zuma akuimba. Mfundo yake inali yomveka ndithu: Abrahams anali atangonena kuti achita apilo chigamulo chokhudza milandu 783 ya Zuma, ndipo mu March chaka chomwecho khoti lalikulu linali litagamula kuti Zuma anaphwanya malamulo a dziko pa nkhani ya nyumba yake ya ku Nkandla. Koma nyani? M'dziko lomwe agogo athu a Wenela ankavulidwa zovala n'kupimidwa ngati ng'ombe? Mawa lake anthu sankakambanso za milandu 783 ija. Ankakamba za nyani.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Shawa inachokera pa zimene munthu anachita. Nyani ndi lamba wa mabomba zinachokera pa khungu ndi chipembedzo, zomwe mbava ndi wosalakwa amakhala nazo mofanana.

Tsopano tifike ku Brussels, komwe nkhani inatiwawa kwambiri. Pa 21 November 2022, mpira utangoyamba dzulo lake, Eva Kaili wa ku Greece, mmodzi mwa achiwiri kwa pulezidenti wa Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, anaimirira m'nyumbamo n'kutamanda Qatar kuti ili patsogolo pa ufulu wa antchito. Pa 9 December apolisi a ku Belgium anamumanga pamodzi ndi bwenzi lake Francesco Giorgi komanso phungu wakale wa ku Italy, Pier Antonio Panzeri. Anapeza ndalama pafupifupi mayuro 1.5 miliyoni, zina m'nyumba, zina mu sutikesi yomwe bambo ake a Kaili anagwidwa nayo akutuluka mu hotela. Patapita masiku anayi aphungu 625 anavota kuti achoke pampando. Kaili amakana mlanduwo, boma la Qatar nalo linakana, koma Panzeri mu January 2023 anagwirizana ndi oimba milandu kuti aulule zomwe akudziwa. Bungwe lake, eti, dzina lake linali Fight Impunity, ndiye kuti lolimbana ndi anthu olakwa osalangidwa.

Chomwe chinatikhalitsa chete m'chipinda muja ndi dzina la Luca Visentini. Uyu anali atangosankhidwa mu November 2022 kukhala mlembi wamkulu wa ITUC, mgwirizano wa mabungwe a antchito padziko lonse. Anavomera kuti analandira thandizo la ndalama kuchokera ku bungwe la Panzeri, ngakhale anati silinali chiphuphu, ndipo mu March 2023 anachotsedwa paudindo. Munthu woyenera kutilankhulira ife, amene kuno lamulo silitilola kukhala ndi yuniyoni yathu.

Mkulu wina m'gulu lathu, wa kwa Kachindamoto, anati, "Ana inu, Cashgate ija tinkati ndi matenda a ku Capital Hill okha." Zoonadi, mu 2013 maiko a Azungu anaimitsa thandizo lawo ku bajeti ya Malawi ndalama zitapezeka m'mabuti a galimoto ku Lilongwe. Ankalondola kutero. Kungoti sutikesi ya ku Brussels palibe anaijambula ngati khalidwe la mtundu wonse wa Agiriki kapena Ataliyana. Inakhala nkhani ya Kaili ndi Panzeri, anthu a maina awo. Ndi chilungamo chomwecho chomwe katuni ya ku Paris inamana Aluya, ndi chomwe nyani uja anamana Abrahams.

Wina anafunsa kuti nanga ife tikanajambula chiyani. Tinakangana mpaka basi yobwerera kukampu inatsala pang'ono kutisiya. Ambiri anagwirizana pa chithunzi cha mayi wa suti akuwerenga zolankhula zake pa ufulu wa antchito, ataimirira pa sutikesi yosatsekeka bwino, ndipo sutikesiyo yasanjikidwa pa chipewa chachikasu. Wojambula tilibe. Ndipo tikukumbukira zomwe zinamuonekera mlonda wa ku Kenya, Malcolm Bidali, mu May 2021 atalemba za moyo wa kukampu, n'chifukwa chake pansi pa nkhaniyi simupezapo dzina.